Chishalo cha Njinga ya ku Joni

Mukuseka chiyani, ana inu? Ndakhala ndikukuonani kuyambira pomwe Vitumbiko watsikira panjinga yakeyo. Mnzanu akuyenda chotangadza, nkhope atakwinya, inu mano onse panja. Iwenso Vitumbiko, usaime patali ngati mlendo, bwera kuno. Mpando wathabwawo usiye, tenga mkeka ugone chammbali. Sindikufunsa kuti pakupweteka ndi pati, ndikupadziwa. Ndinapadziwa bambo ako asanamere ndi mano omwe.

Sendezani kuno lichero la mtedzalo, manja aziswa makutu akumva. Kabudula wothina wavalayo, wokhala ndi siponji kumbuyo, ukanafika naye pamsika wa paboma nthawi yathu, anyamata a malaya ofiira akanakufunsa bwino asanakufunse ndi khadi lachipani lomwe. Amene aja ankayeza masiketi athu ndi maso, ankayezanso tsitsi la amuna. Koma ine kabudulayo sindimuseka ayi. Akanakhalapo masiku amenewo, mwina agogo anu aamuna bwenzi mukuwadziwa ndi maso, osati pachithunzi chofufuma chili m'nyumbamo. Munauzidwa kuti anamwalira ndi malungo. Sanali malungo.

Ine kwathu ndi ku Kasungu, n'chifukwa chake Chitumbuka changa chimatsimphina mpaka lero. Kuno ku Mzimba zinandibweretsa ndi ng'ombe za lobola, ndili kamtsikana kosadziwa kanthu. Kwathu mwamuna ndiye amasiya kwawo kukakhala kuchikamwini, ndiye amathawa apongozi m'njira. Kuno ndinapeza zatembenuka, wothawa ndinali ine. Dzina langa linathera pachipata, ndinasanduka NyaPhiri, kapena mkamwana basi. Bambo awo a agogo anu ndinkawatchula kuti adadavyala, ndiye kuti apongozi aamuna. Ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira m'tchire n'kugwada, kaya ndasenza mtsuko, kaya udzu uli ndi mame, kudikira adutse. Moni wathu unali wa m'manja, kuwomba uli patali. Kulankhulana nawo maso ndi maso kunalibe.

Musaganize kuti inali nkhalamba yankhanza. Ayi ndithu. Anali munthu wanthabwala, wamfupi, wandevu zoyera, ndipo ng'ombe zake ankazidziwa ndi kulira komwe. Akafuna kundiuza kanthu ankauza galu wawo. Ndikusesa pabwalo ndinkangomva, "Wapulika iwe ntchewe? Mphangwe ya mayiro yikanowa chomene." Pamenepo ndiye kuti ayamikira ndiwo zamasamba zomwe ndinaphika dzulo lake. Ine ndinkaseka chamumtima, tsache lili m'manja. Ndili ndi pakati pa Tiwonge, azakhali anu aakulu aja, chambiko chokoma chonse chinkabwera kwa ine, mwana atatumidwa nacho m'chikho. Inu simuchidziwa chambiko chenicheni, mumadziwa cham'mapepala chija chokoma ngati sopo. Ndinkawakonda mdala amene uja, ndipo ndikudziwa kuti nawonso ankandikonda.

Apongozi aakazi ndinapeza atamwalira kale. Tsono mawu anga aliwonse opita kwa adadavyala ankadzera kwa ankhazi, mlongo wawo wa adadavyalawo, amene anabwerera pamudzi amuna awo atatisiya. Ndikafuna munda, kwa ankhazi. Mwana akadwala, kwa ankhazi. Iwo ndiye ankanyamula mawuwo n'kukawatula.

Agogo anu, a Yotamu, anapita ku Joni Tiwonge akukwawa. Anabwerako chaka chomwe amuna onse anabwezedwa kumigodi. Eee, mudzi unanunkhira sopo chaka chimenecho! Ena anabwera ndi magumbagumba, ena makina osokera, ena mabulangete aubweya ndi masutikesi achitsulo. Ine ndinkadikira makina osokera, sindinama. Basi itaima pa Jenda, kondakitala n'kukwera pamwamba, anatsitsa chinthu chokulungidwa m'masaka. Titamasula, inali njinga. Koma njinga yake! Matayala oonda ngati chala changachi, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa yamphongo, chishalo chake chaching'ono, chouma gwa, chosongoka kutsogolo. Inali yampikisano, yonga yakoyi Vitumbiko, kungoti ija inali yobiriwira.

"Awiske Tiwonge," ndinafunsa amuna angawo, bambo a Tiwonge, "kaliyala ili kuti?"

"Ilibe."

"Nanga chimanga chizipita bwanji kuchigayo? Nanga ine ndizikhala pati?"

"NyaPhiri, iyi si ngolo. Iyi ndi mphepo."

Ndinakwiya sabata yathunthu, koma mkwiyo wanga sunapite patali, chifukwa njingayo inkathamangadi. Njinga zapamudzi zinali zakuda zija, zolemera, zokwera phiri mwini wake akukankha. Iyi inkazidutsa ngati zaima. Ankachoka kuno m'mawa, kukafika paboma, kugula mchere ndi parafini, n'kubwerako dzuwa likadalipo, pamene ena ankagonera komweko. Ana ankathamangira kumsewu akamva belu. Adadavyala ankaima pakhola atagwira ndodo, akumwetulira, akuuza ng'ombe zawo kuti, "Mwana wane wali na mapapindo," kutanthauza kuti mwana wawo ali ndi mapiko. Walira mvula walira matope. Kuthamanga komweko ndiko kunawapezera ntchito imene sanaipemphe.

Inu lero munthu akamwalira mumangodinadina timafoni tanuto, uthenga wafika ku Joni mtembo usanazizire. Nthawi yathu uthenga wa maliro unkayenda ndi munthu. Pawailesi ankaulutsa inde, koma mabatire anali a ochepa, ndiponso wachibale weniweni akamvera maliro pawailesi ankakwiya mpaka kukana kudya pamaliropo. Pankafunika wamagazi, afike pakhomo, agwade, anene ndi pakamwa. Ndipo abale a kuno ndi omwazikana: ena ankadzala mitengo ya paini ku Luwawa, ena ali paboma, ana aakazi anakwatiwa mpaka ku Euthini. Mtembo sudikira. Tsono pakagwa zovuta, maso onse ankatembenukira kunyumba kwathu. Poyamba anali maliro a pabanja pathu pokha, kenako a mudzi wonse, kenako ndi a midzi yoyandikana nayo, poti ukafufuza aliyense ndi mbale. Uthenga wa maliro sukanidwa, ana inu. Ungakane kubwereketsa khasu, ungakane kukalima kwa mnzako, koma wokana kunyamula uthenga wa maliro anthu ankamufunsa kuti ake adzanyamula ndani.

Misewu yake musaganize za phula mukuyendapo lero. Unali fumbi ndi miyala, wokakala ngati malata, ndipo njinga ija anaipangira misewu ya ku Joni. Bampu iliyonse inkathera m'thupi mwa munthu. Chilimwe choyamba ankangobwera akudandaula kuti patentha. Ndikayang'ana, khungu lafiira, pena lanyuka. Ine ndi nzeru zanga ndinati vuto ndi kuuma kwa chishalo. Ndinasoka kapilo, kuthiramo thonje ndi tizigamba, n'kumangirira pachishalopo. Ndinkadziona ngati dokotala. Ulendo wotsatira anabwera ndi matuza.

Tsiku lina ndinapita paboma kukagulitsa nyemba, khadi langa lili pamfundo ya chitenje poti popanda ilo pachipata sunkalowa. Kuseri kwa msika kunali a Gondwe, okonza njinga, atayala masipanala awo pasaka pansi pa mtengo wa mango. Ndinazungulirazungulira mpaka anthu atachepa, ndiye ndinagwada n'kuwafotokozera. Onani zodabwitsa zake: kwa munthu wachilendo ndinatha kunena zonse, malo ake ndi dzina lake lomwe, chifukwa sanali kanthu kwa ine. A Gondwe sanaseke.

"Mama, kapilo kanuko mukachotse lero lomwe. Chofewa chomene ndicho chimapweteka munthu. Chimamwa thukuta, mbwenu chikukwecha khungu njira yonse. Mukafune chikopa cha nkhosa chopyapyala, chofufuta bwino. Nanga amavala chiyani?"

"Buluku la kaki."

"Eya, msoko wapakati uja ndi mpeni. Ndipo mukaone akamapalasa. Ngati chiuno chikugwedera uku ndi uku, chishalo chakwera kwambiri, atsitse. Akaponda pedulo ndi chidendene, mwendo uwongoke koma asachite kudzikoka. Mphuno ya chishalo isaloze kumwamba, isalozenso pansi. Pamabampu aziimirira. Kweni mankhwala enieni, mama, ndi kutsika panjinga. Chilonda sichipola munthu atachikhalira."

Wamva Vitumbiko? Zomwe umawerenga pafoni pakozo ine ndinazimva pansi pa mango, ndipo sindinaiwale ndi chimodzi chomwe. Ndinakachita zonse. Msoko wa buluku ndinauphwasula n'kusokanso mophwatalala, mkati mwake n'kuyalamo nsalu yofewa ya thumba la ufa wa tirigu, yochapa mpaka zilembo zitafufutika. Chikopa ndinachipeza kwa mnzanga wina wakutchalitchi. Tinatsitsa chishalo awiriwiri kuseri kwa nyumba, iwo akupalasa atatsamira khoma, ine ndikuyang'ana chiuno ngati ndikusankha ng'ombe, tonse tikufa ndi phwete. Tinayesaponso chishalo chachikulu chamasipuling'i chomwe ndinasinthanitsa ndi thadzi. Chimenecho chinawasupula m'ntchafu, poti panjinga yampikisano munthu amawerama, ndiye tinachiponya m'nkhokwe. Akafika paulendo ndinkawatenthetsera madzi amchere, akauma n'kupakapo mafuta a nsatsi, buluku n'kulichapa pompo kuti lisagone ndi thukuta.

Zinathandiza, ndisaname. Panapita chaka chabwino, mwina ziwiri. Bambo ako Vitumbiko anabadwa m'nyengo imeneyo. Tinakolola chimanga chambiri, fodya naye anachita bwino, ndipo maliro anali apatalipatali moti khungu linkapeza mpata wopola. Loweruka lina anandikweza pachitsulo chapakati, ine mayi wa ana awiri, n'kutsetsereka nane mpaka kudambo, ndikukuwa, chitenje ndachigwira ndi mano. Ankhazi anandikalipira masiku angapo kuti ndachititsa manyazi mudzi. Ndikakumbuka tsiku limenelo mtima umandiwawa kuposa ndikakumbuka maliro awo.

Kenako kunabwera dzinja la chikuku. Sindifuna kulankhula zambiri za dzinja limenelo. Ana ankapita ngati nkhuku zachitopa, nyumba iyi lero, iyo mawa. Anga awiri Mulungu anawasunga, koma njinga sinkagona m'nyumba. Agogo anu ankachoka mvula ikugwa, kubwera ikugwa, buluku lili chonyowa, matope ndi mchenga zitalowa mpaka mkati. Chikopa cha nkhosa sichinkauma. Ndikachiyanika pamoto usiku, m'mawa wina wagogoda kale. Nzeru zonse za a Gondwe zinatha mphamvu, kunatsala imodzi yokha ija ya kutsika panjinga, ndipo ndi yomweyo imene sinkatheka.

Panatuluka chithupsa, pamalo penipeni pokhalira. Chinaphulika, chisanapole china chinatuluka pambali pake, kenako ziwirizo zinakumana mkati. Mwanabere anatupa. Munthu uja anayamba kudya atagona chammbali, chitseko chili chotseka. Kutchalitchi ankaima kumbuyo mapemphero onse, anthu n'kumati a Yotamu ndi aulemu, asiyira akuluakulu mabenchi. Pabwalo akakhala ndi amuna anzawo ankanjuta, osafika pansi, akuseka nawo nthabwala, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Awiske Tiwonge, tiyeni kuchipatala cha mishoni."

"Kukatani?"

"Akakuoneni."

"Andione ndani? Tiatsikana tija tovala zoyera? Ena ndinkawaphunzitsa nyimbo ku Sande sukulu. Ndikavule buluku pamaso pawo, ndikafulatire? NyaPhiri, ndine mwamuna wamkulu."

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna."

"Ine si mbewa. Chipola chokha."

"Ndiye kauzeni adada kuti mupume. Atume ena."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula chizungu. "Ndikawauze kuti chiyani? Ndikatchule chiyani pamaso pa bambo anga?"

Ndinakwiya, ana inu, ndipo mpaka lero ndikadali wokwiya. Munthu woti analowa pansi pa nthaka ku Joni osaopa, n'kumaopa liwu. Koma ndinkadziwanso kuti sanali yekha. Mudzi wonse unali choncho. Mutu, mimba, mwendo, chifuwa, zimenezo munthu ankadwala poyera, anthu n'kubwera kudzazonda. Kuyambira m'chiuno kufika m'ntchafu munthu sankadwala, kunalibe pakamwa ponenera. Ndipo ndinkadziwa chinthu chimodzi: adadavyala akanangomva zoona zake, akanaitsekera njingayo m'nyumba mwawo, ndipo palibe akanawatsutsa. Mawu awo okha ndiwo akanamutsitsa mwana wawo pachishalo. Tsono ndinatenga njira yokhayo imene ndinali nayo, ndinapita kwa ankhazi.

Ndinawapeza akupeta mapira kuseri kwa nyumba yawo. Ndinagwada.

"Ankhazi, mwana wanu akudwala."

"Wakulwala vichi?"

Ndinawauza zonse, za mafinya, za fungo, za mwanabere, osabisa kanthu. Anaika lichero pansi n'kugwira pakamwa. Misozi inalengeza, poti agogo anu anawalera ndi iwowo.

"Hii, mkamwana! Mwana wane akuvutika nthena? Sono ine ndikanene uli kwa adumbu wane? Mlongo wanga weniweni, bere limodzi, ndikamutchulire malo amenewo a mwana wake? Pakamwa panga pangawole."

"Ndapota nanu, ankhazi. Akapitiriza kukwera njinga ija tiwataya."

"Nipulika. Ndikanena mwaulemu, iwo ndi aakulu, akamva."

Anapitadi tsiku lomwelo, ine ndikuwaona. Anakhala patali ndi mlongo wawo monga mwa mwambo, nayankhula motsitsa. Zimene ananena ndinazidziwa madzulo ake, pamene mwana anafika pakhomo pathu atanyamula tambala wamkulu wofiira. Akuti adadavyala amva kuti a Yotamu atopa ndi maulendo, adye nkhukuyi apeze mphamvu. Ndinamulandira tambalayo ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kukalira kuseri kwa bafa. Ankhazi sananame. Anangonena mpaka pomwe pakamwa pawo panafika.

Adadavyala anachitapo kanthu ndithu. Maliro awiri otsatira anatuma anyamata apansi, akuti mwana wawo apumeko. Chilonda chinayamba kuuma m'mbali, ine mtima unayamba kukhala pansi. Koma kutopa kumatha ndi tulo ndi nkhuku, ndipo patapita masiku owerengeka aliyense ankaona kuti munthu wapuma mokwanira. Ndiye kunamwalira mng'ono wawo wa adadavyala, amene tinkawatchula adada achoko. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo anakwatiwa ku Euthini, kutali kwambiri, kupitirira paboma. Kunkatentha, mvula ili apa ndi apo, mtembo sukanadikira wapansi.

Nditamva kulira m'mawa umenewo, chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kubisa pampu. Matayala oonda aja ankapopedwa ndi pampu yakeyake, ya njinga zina sinkalowa. Ndinaikwirira m'dengu la mphale.

"NyaPhiri, pampu ili kuti?"

"Sindikudziwa."

"Usandinamize pa tsiku la maliro."

"Simupita. Thupi lanu likutentha, ndakugwirani m'mawa uno."

"Ukufuna mlongo wanga adzapeze bambo ake atakwiriridwa chifukwa cha chithupsa?"

Nyumba ya zipinda ziwiri sibisa kanthu. Anaipeza, naipukuta ndi malaya, osandikalipira n'komwe. Akupopa matayala pakhonde, adadavyala anafika okha, maso ali ofiira ndi kulira mng'ono wawo. Ine ndinathawira kumbali kwa nkhokwe n'kugwada, ankhazi anali pomwepo pafupi nane.

"Yotamu," anatero adadavyala, "ankhazi ako anati wavuka chomene. Ngati sungathe, yowoya. Titume wapansi, mbwenu mwanayo adzangoona manda."

Mwamva? Anafunsa. Mdala uja anafunsa, anamutsegulira mwana wake khomo. Ndinawayang'ana agogo anu, ndipo iwo anayang'ana pansi.

"Nili makora, dada. Ndipita."

Ndinatsegula pakamwa. Sindikudziwa chimene chikanatuluka, koma mpweya ndinali nditaukoka kale. Dzanja la ankhazi linandigwira pamkono, zikhadabo kulowa m'khungu. "Mkamwana," ananong'ona, "pamaliro?" Ndikutembenuka kuti ndiwachotse dzanjalo, belu linalira. Agogo anu anakwera mwachizolowezi chawo, phazi limodzi papedulo, linalo kukankha pansi, koma sanakhale pachishalo. Anapalasa choimirira mpaka kukhota pa mtengo wa mkuyu, kuti bambo awo asaone nkhope yawo akamakhala.

Uthenga unafika. Mwana wa malemu anabwera ndi basi, anawaona bambo ake kumaso asanatseke bokosi, analira mokwanira. Ndinamukokera pambali kumufunsa za agogo anu. Anati anafika kwawo ali mbuu ndi fumbi, anagwada movutika, ananena uthenga, anakana mpando, anamwa madzi okha, n'kunena kuti iye atsogole, iwo akubwera pambuyo. Tinaika maliro iwo kulibe. Tsiku linalo masana ndikuchokera kudambo, ndinaona munthu akubwera mumsewu, akuyenda wapansi, chifuwa atachitsamiritsa pamahandulo, njinga ndiyo ikumunyamula. Ndinataya ndowa. Nditawagwira, thupi linali moto, milomo itang'ambika, buluku kumbuyo litauma gwa ndi magazi ndi mafinya. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanandizindikire.

"Wafika mwana uja?"

"Anafika."

"Yewo," anatero, n'kukhala pansi mumsewu momwemo.

Pamenepo sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinakamanga ng'ombe pangolo ndekha, ine mkazi, anthu akundiyang'ana. Achimwene awo ena anathamanga kudzandithandiza, onse akuti ndi malungo a paulendo. Tinawagoneka chafufumimba pamatiresi a udzu. Njira yonse ankabwebweta, akutchula mayina a midzi ndi a anthu akufa, ngati akuperekabe mauthenga.

Kuchipatala anatilandira ndi namwino wamng'ono, mmodzi wa atsikana omwe aja ankawaopa. Anatseka katani, anadula buluku ndi sizasi, anatsuka chilondacho modekha, akuwatchula kuti adada. Atatuluka anandiitanira pakhonde. Anati poizoni wa chilonda walowa m'magazi, ayesetsa, koma tikanabwera kale. Anawabaya majakisoni, ndipo m'mawa mwake mutu unabwerera pang'ono. Anandiitana ndi chala, ine n'kuweramira pafupi.

"NyaPhiri, kamtsikana kaja sikanaseke."

"Sikanaseke."

"Ndimayesa kaseka."

Anamwalira tsiku lomwelo dzuwa likupendeka, dzanja lawo lili m'manja mwanga. Ndinali ndi zaka zochepa kuposa mayi ako, iwe Lusungu, ndi ana awiri, wina ali kubere. Uthenga wa maliro awo unayenda wapansi, ndipo abale ena anafika patapita sabata.

Tinabwera nawo pangolo yomweyo. Ine anandilowetsa m'nyumba ya siwa, pakati pa amayi, atandifunditsa nsalu kumutu. Amuna akuluakulu anatenga mtembo kukausambitsa kuseri, m'kachisakasa ka udzu. Osambitsa mtembo sanena zimene aona, umenewo ndi mwambo. Koma tsiku limenelo mmodzi wa iwo anatuluka manja ali onyowa, napita pamene panakhala adadavyala, nawagwira dzanja n'kulowa nawo. Anakhalamo nthawi. Ine zimenezi sindinazione, ndinangomva kuti nyimbo panja yaduka pakati.

Kenako pakhomo pa siwa panada. Nditakweza nsalu, ndinaona adadavyala ataima pamenepo, opanda ndodo, opanda chipewa. Mwamuna salowa pakati pa amayi pasiwa, ndiye kuli bwanji mpongozi pamene pali mkamwana wake. Amayi anayamba kusendera kumakoma. Ine ndinafuna kudzuka kuti ndithawe, koma pothawira panalibe. Anadutsa pakati pa amayiwo, nadzakhala pansi, padothi, patsogolo panga penipeni, mawondo athu kutsala pang'ono kugundana. Ankhazi anati, "Adumbu!" Iwo anangokweza dzanja.

"Mkamwana."

Aka kanali koyamba kumva liwu lawo likubwera kwa ine. Ndinayang'ana pansi.

"Ndiyang'ane. Ndaona mwana wanga. Iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa, adada."

"Kuyambira pauli?"

"Kuyambira mvula yoyamba."

Anatseka maso. "Mvula yoyamba. Ine anandiuza kuti watopa. Ndinatumiza nkhuku." Anabwerezanso motsitsa, "Nkhuku." Kumbuyo kwanga ankhazi anayamba kulira mokweza, koma iwo sanatembenuke.

"Sono ndiuze iwe wekha, ndi pakamwa pako, pano pamaso pa wose. Mwana wanga ankadwala pati? Tchula."

Ndinawayang'ana m'maso, ndipo ndinanena.

"Pamatako, adada. Chishalo chinawadya pamatako. Ulendo uliwonse umene ankapita, ankakhalira chilonda."

Denga silinagwe. Palibe anakomoka, pakamwa panga sipanawole. Mdala uja anangondiyang'ana ngati akudikira kuti ndipitirize, kuti pali zina zazikulu zimene zatsala.

"Basi?" anafunsa. "Liwu lake ndi lomweli?"

"Ndi lomweli, adada."

"Lalifupi nthena," anatero, "n'kundidyera mwana."

Anagwetsa mutu wawo woyera uja padothi, pafupi ndi mawondo anga, nalira mokuwa. Ndipo ine mkamwana, amene zaka zonsezo ndinkawathawira m'tchire, ndinawagwira mapewa ndi manja anga awiri, poti panalibenso wina wowagwira.